Chifukwa Chake Ukukwera Sitima Wekha

Selukwe, Lamulungu masana

Ganizani mwana wanga,

Wapita ku Mkoba kukatsanzika anzako a kusukulu, ndipo m'nyumba muno mwangoti zii. Ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembere zimene pakamwa panga pakukanika kunena. Chikuuzireni Lachisanu kuti mawa ukwera sitima wekha, sunandiyang'anenso kumaso. Ndikakufunsa kanthu ukumandiyankha uli chotembenuka. Sindikukuimba mlandu. Ndinalonjeza kuti tipitira limodzi, ndikakusiye ku koleji ku Blantyre, kenaka ndikaone amayi ako ku Dedza, amene chifuwa chawagoneka pamphasa. Lonjezo limenelo lafa, ndipo sindikudziwa ngati ndidzawapezanso ali moyo. Kalatayi ndiibisa pansi pa malaya ako m'sutikesi, ndipo ndidzakuuza za iyo pasiteshoni. Uiwerenge sitima ikadutsa Bulawayo, mtima utatsika.

Ukupita kukaphunzira ntchito yomwe ndimagwira ineyi, yolankhula ndi makompyuta. Ndikukondwa kuti ukuchoka, chifukwa makalata oitanira anyamata kunkhondo ayamba kufika ndi m'makomboni mwathu momwe. Koma ntchitoyi ndi imene yandimanga miyendo ine. Choncho tchera khutu, kuti nawenso isadzakumange.

Iwe unandidziwa ndili kale wa mu ofesi, wovala malaya oyera. Sunandione ndikulaisha miyala m'ngolo pansi pa mgodi, msana uli thukuta kamukamu. Chinanditulutsa pansipo ndi masamu a kusukulu ya mishoni. Makina atabwera, chimakina chodzaza chipinda chonse, anafuna munthu wobowola makadi amene makinawo amawerenga. Mzungu woyang'anira makinawo tinkamutcha Bwana Mafodya, poti kaliwo sankachoka pakamwa pake ngakhale akutukwana. Iyeyo ataona kuti ndikumagwira zolakwa zake m'makadi, anaseka nati, "Wena Mbewe, buya lapa," ndiko kuti iwe Mbewe, bwera kuno, nandikokera mpando pambali pake. Ndi mmene ndinayambira kuphunzira chilankhulo cha makinawo.

Aphunzitsi ako akakuuza kuti kompyuta ndi yanzeru, iwe udzangomwetulira. Ilibe nzeru ngakhale pang'ono. M'mutu mwake muli timabokosi tosungiramo manambala, ndipo imamva malamulo aafupi okhaokha: tenga nambala ili m'kabokosi aka, phatikiza ndi ili umo, ika apa, dumphira uko. Lamulo lililonse nalonso ndi nambala, ndipo ine ndinawaloweza onse. Zimafanana ndi Chilapalapa chimene kapitawo amatilamulira nacho pansi pa mgodi: hamba, buya, faka, susa, ndiko kuti pita, bwera, ika, chotsa. Mawu oti "chifukwa" mulibemo. Chilankhulo chimenecho ndinachikonda kwabasi, Ganizani, sindikubisira. Ukachidziwa, makina amathamanga, sataya malo, ndipo umamva m'zala zako kuti chinthuchi chikukumvera iwe.

Ntchito yaikulu ya makinawo pamgodi pano ndi ya mpweya. Akatsegula njira yatsopano pansi, mpweya umasintha mayendedwe. Makinawo ndiwo amawerengera kuti chitseko chiti chitsekedwe, chikupizo chiti chiwonjezedwe mphamvu, kuti utsi wa mabomba ophwanyira miyala usakakhazikike pamene pali anthu. Uzikumbukira zimenezi ukamawerenga zotsatirazi, kuti usadzati bambo ako anasankha chitsulo m'malo mwa mkazi wawo popanda chowakoka.

Ndiyambe ndi mapepala. Bwana Mafodya ankandiuza kuti ndikalemba malamulo, ndizilembanso papepala lina, m'mawu a anthu, chimene gawo lililonse likuchita ndi chifukwa chake. Ine ndinkaona ngati kutaya nthawi. Ndinali ndi mutu wakuthwa masiku amenewo, ndipo ndinkadzidziwa. Komanso panali china. Ife a ku Nyasalande pamigodi ino tili ndi kachitidwe kathu kamene akuluakulu ankatinong'oneza tikangofika. Ankati ndiwe mlendo, tsiku lililonse angakuuze kuti nyamula katundu uzipita kwanu, ndiye pantchito yako usungeko kanthu kamodzi kamene ukudziwa wekha. A Chisale a kupampu anali ndi kamenyedwe kawo ka nyundo kodzutsira pampu yakale, ndipo sanaonetseko munthu mpaka anapuma. Wophika wa kwa manijala ankabisa zothira mu supu. Inenso ndinachita chimodzimodzi, ndinkati ndikudzimangira mpanda. Kumbukira, Ganizani, iwenso ukakhala ngati mlendo kumeneko, poti Chichewa chako chimanunkha Chishona ndipo akakuseka nacho. Mantha amenewa akakugwira ndithu. Usadzawamvere.

Kenaka azungu a kuno atadzilengeza kuti adzilamulira okha, maiko akunja anatitsekera malonda, ndipo zipangizo za makinawo zinasiya kubwera. Tsiku lina mbali ina ya timabokosi tija inafa. Bwana Mafodya n'kuti akungotengedwatengedwa kupita kuthengo ndi mfuti, ndipo atabwerako ulendo wina analongedza katundu nathawira ku Joni osatsanzika. Ndinatsala ndekha ndi chimakina cholumala. Pulogalamu ya mpweya sinkakwananso m'malo otsalawo. Ndiye ndinaipanikiza. Kabokosi kamodzi ndinkakagwiritsa ntchito ziwiri kapena zitatu. Malo akufa aja ndinkawadumpha. Pena ndinalemba malamulo oti azisintha anzawo makina ali mkati moyenda, kotero kuti chimene chili pakhadi si chimene makinawo akuchita akafika pamenepo. Zinatheka. Manijala anandigwira chanza pamaso pa anthu, chinthu chimene sindinachionepo chichitikireni. Ndinabwera kunyumba ndikuyenda mothimbwidzika, ndipo amayi ako anandifunsa ngati nsapato zikundithina. Pa zonse ndinachitazo sindinalembe ndi mzere umodzi womwe wofotokozera.

Za kuchoka kwa amayi ako ukuzikumbuka, unali wamkulu ndithu. Adokotala atanena kuti fumbi la kuno likuwonjezera chifuwa, tinagwirizana kuti apite kumudzi ndi mlongo wako Esinati, iwe utsale umalize sukulu. Njira ya ku Tete inali isanatsekedwe, ndipo munthu ankatha kupita ndi kubwerako tchuthi chisanathe. Anandipempha kuti ndiwaperekeze. Ine ndinati pansi akutsegula njira yatsopano, ndibwera mvula ikatha. Tili pasiteshoni ya basi anandiyang'ana nati, "Bambo a Ganizani, makina anuwo ndiye mkazi wamkulu, ine ndine wamng'ono. Mukawapemphe chilolezo bwinobwino, mwina akulolani." Ananena moseka, nanenso ndinaseka. Mvula inatha, malire anatsekedwa, ndipo ulendo wa kwathu unasanduka wozungulira ku Botswana ndi ku Zambia, wofuna masabata ambirimbiri. Ndikapempha tchuthi chotalika chotero, yankho linkakhala limodzimodzi: nanga makina atsala ndi yani? Funso limenelo poyamba linkanditsekemera m'makutu. Linayamba kundiwawa mochedwa.

Tsono nkhani imene imandisowetsa mtendere kwambiri ndi ya Mai Moyo, mayi uja wa magalasi amene unamuona atabwera kudzatenga makiyi kunyumba kuno. Anamulemba ntchito chaka chatha atamaliza maphunziro ku Bulawayo. Iye anaphunzira chilankhulo chimene ukaphunzire iwe, chija amati chapamwamba. Kumeneko munthu salemba manambala a malamulo. Amalemba mawu ofanana ndi Chingerezi, monga kuti mpweya ukachepa apa, wonjezera mphamvu apo, ndipo chinthu chilichonse amachipatsa dzina lomveka. Ndiye pali pulogalamu ina, womasulira, imene imasandutsa mawuwo kukhala malamulo a makina. Munthu wina akatenga pepala lake amawerenga n'kumva. Ukalinyamula kupita nalo pa makina a mtundu wina, limagwirabe ntchito ukangokonza pang'ono. Zanga zija zimamveka ndi chimakina chimodzi chokhachi padziko lonse, ndiponso chikhale cholumala momwe chililimu.

Ine ndinamuseka mayiyo. Ndinkati zimenezo ndi za alesi, za anthu olankhula ndi makina kudzera mwa mkhalapakati. Iye sanakwiye. Anakhala pansi nalembanso pulogalamu yonse ya mpweya m'chilankhulo chakecho, mwaukhondo, moti ngakhale iwe ukanaiwerenga. Koma womasulira uja salemba mopanikiza ngati munthu, amataya malo. Zimene anatulutsa sizinakwane m'mutu wotsala wa makina athu. Tsiku limenelo ndinakondwa, Ganizani. Ndinaimba mluzu njira yonse mpaka kunyumba.

M'mawa mwake anandipeza nati, "Baba Mbewe, ngatibatsirane, tithandizane. Mbali zolemera mulembe inu m'chilankhulo cha makina kuti zichepe, zina zonse zikhale zanga, zowerengeka. Zikwana." Ankanena zoona, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti akunena zoona. Koma ndinangoti tiona. Akandikumbutsa ndinkati ndatanganidwa. Miyezi inapita ndikukoka miyendo. Ndikanavomera nthawi imeneyo, bwenzi lero ndikulongedza sutikesi yanga pambali pa yako. Kumbukira, mwana wanga, munthu wamng'ono kwa iwe akabwera ndi njira yake, uyambe waiyesa usanaiseke.

Kalata ya amalume ako itafika yonena kuti amayi ako ayamba kulavula magazi, ndi pamene ndinadzidzimuka. Ndinapita kwa manijala. Anavomera kuti ndipite, pokhapokha Mai Moyo ataonetsa kuti angathe kuyendetsa makinawo yekha. Nthawi yolembanso zonse limodzi inali itatha, ndiye ndinati ndingomuphunzitsa zanga zija mwachangu. Tinayala makadi patebulo. Iye ankaloza malo n'kufunsa, "Ko apa munosvetukirei? Mukudumphiranji pamenepa?" Ndinayang'ana. Manambalawo ndi anga, dzanja langa lomwe, koma mutu unangoima. Ndinati dikirani ndikumbuke. Analozanso pena, "Nanga kabokosi aka, pano muli chiyani, mpweya kapena kutalika kwa njira?" Ndinati zimatengera nthawi. "Nthawi iti?" Zinthu zimene ndinabisira anthu ena zija ndinapezeka kuti ndadzibisiranso ndekha. Zala zanga zimadziwa chochita makina akaima, koma pakamwa sipangathe kufotokoza. Mayiyo analemba zonse zimene ndinakwanitsa kukumbuka, ndipo anagwira msanga kuposa mmene ndinagwirira ine kwa Bwana Mafodya. Koma sakanalemba zimene mwini wake ndaiwala.

Lachinayi lapitali ndilo linali tsiku loyesa. Manijala anakhala pampando pakona, ine anandiuza kuti ndiime kukhomo manja ali kumbuyo. Mai Moyo anaika makadi a njira yatsopano imene akutsegula pansi. Makina anayamba bwino, timagetsi tikuphethira. Atafika pakati anangoti chete. Mayiyo anafufuza m'zolemba zake modekha, anayesa apa, anayesa apo, ndipo zonse anayesazo zinali zanzeru. Koma makinawo anali atagwera m'dzenje lina limene ndinalikumba ndekha kalekale n'kuliiwala. Foni inalira kuchokera kumgodi, akufunsa ngati shifiti yamasana ilowe kapena idikire. Inaliranso. Sindikudziwa kuti ndinachoka bwanji pakhomo paja. Ndinangozindikira zala zanga zili pamaswichi, ndasintha nambala imodzi, ndipo makina ayambanso kuyenda.

Manijala anaimirira, nakutumula phulusa la fodya pabuluku lake, nati, "Ikona hamba, Mbewe. Lo mashini yena funa wena." Ndiko kuti supita, makinawa akufuna iwe. Atatuluka, Mai Moyo anandifunsa kuti ndasintha chiyani, ndipo chifukwa chiyani, kuti alembe. Nambalayo ndinamuuza. Chifukwa chake ndinalibe. Anavula magalasi napukuta m'maso, nati, "Baba Mbewe, ndine urombo, pepani. Ndinafunitsitsa kuti mukawaone Mai." Iye ndiye ankapepesa ine. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo.

Ndikudziwa chimene chili mumtima mwako, chifukwa unachinena Lachisanu usanamenyetse chitseko. Unati ndingothawa, ntchito si mayi wanga. Ndaganizapo, usaone ngati sindinaganize. Koma njira yatsopanoyo aitsegulabe, kaya ndilipo kaya palibe, poti miyalayi ikufunidwa kwambiri nkhondo ino. Makina akadzaima ine kulibe, adzangoyerekeza ndi maso n'kulowetsa anthu. Mwa olowawo muli a Juwawo a khomo loyandikana nafeli, amene anakunyamula tsiku la ubatizo wako. Ndikanakhala kuti ndinalemba zowerengeka, kuchoka kwanga sikukanaika munthu pangozi. Apa ndiye pandivuta. Tayamba tsopano ndi Mai Moyo kulembanso zonse monga ananenera poyamba paja, koma ntchitoyo ikuyenda pang'onopang'ono, chifukwa gawo lililonse tikuchita kulifukula.

Tsono tamvera, Ganizani. Usakanyoze chilankhulo cha makina chifukwa cha zimene zandichitikira ine. Ukachiphunzire, udziwe zimene zimachitika pansi pa mawu okongola amene uzikalembawo. Tsiku lina womasulira adzakutulutsira chinthu chachikulu kuposa malo, kapena choyenda ngati nkhono, ndipo udzafunika kutsika wekha n'kukonza ndi manja. Koma ukatsika, utsike pamalo pofunikira pokhapo, ndipo ulembe pambali m'mawu a anthu kuti apa ndachita chakuti chifukwa chakuti. Zina zonse uzilemba m'chilankhulo chimene mnzako angawerenge iwe utapita kumaliro. Ukamaliza pulogalamu, uzimpatsa munthu wina aiyendetse iwe uli panja. Akakuitana, ndiye kuti sunamalize.

Ndipo akadzakuuza kuntchito kuti popanda iwe palibe chingayende, usadzabwere kunyumba ukuthimbwidzika ngati bambo ako. Tsiku lomwelo uyambe kuphunzitsa wina. Ukadzakwatira, mkazi wako akadzati tiperekezeni, udzanyamuke. Njira zimatsekedwa osakuchenjeza, ndaona ndi maso angawa.

Zina ndi zazing'ono. Mapepala ako a ulendo asachoke m'thumba lamkati. Pamalire uyankhe zimene wafunsidwa zokha, ndipo za nkhondo usakambe ndi munthu amene wangokumana naye m'sitima. Jekete langa lakuda lija ndakuikira, ku Dedza kumazizira kuposa kuno, usaone dzuwa. Akakutcha mwana wa ku Halale usapse mtima, ndi mmene amatchulira aliyense wobadwira kuno. Kwa amalume ako ukagwade polonjera, ndipo ukawatchule kuti a Phiri, osati sekuru monga mumachitira kuno, angakudabwe. Esinati ukamupeza wakula. Wanyamula mtolo waukulu mwana ameneyo, wosamala wodwala yekha, ndiye usakamulamule ngati kapitawo.

Usanapite ku koleji, uyambe wafika kumudzi. Ngakhale sukulu itatsegulidwa, uchedweko, aphunzitsi akamva. Amayi ako akakufunsa za ine, ndipo funso loyamba likakhala lakuti ndibwera liti. Ndakhala ndikuwalembera kuti mvula ikatha, kuti pa Khirisimasi, kuti tikakolola, ndipo Esinati akuti nthawi iliyonse amauza anthu kuti asese pabwalo. Iwe usakawatchulire mwezi. Ukawauze kuti sukudziwa, chifukwa nanenso sindikudziwa. Ukawauze zonse zili m'kalata muno, usakandikometsere. Akalira, ukakhale pomwepo pamphasa mpaka atonthole.

Chotsiriza ndi ichi. Amalume ako ndi anthu aulemu. Zikadzavuta, amayi ako n'kutisiya, adzafuna kudikira kuti ine mwamuna wawo ndifike asanaike maliro, monga mwa mwambo. Adzatumiza telegalamu, n'kumayang'ana kumsewu. Udzawaletse. Udzawauze kuti mawu ndinapereka kale ine mwini, asadzasunge amayi ako padzuwa chifukwa cha munthu amene sangafike. Pamalo pamene ndinayenera kuima ine, udzaime iwe, utavala bwino, ndipo dothi loyamba udzaponye m'dzina langa. Ndikukusenzetsa katundu amene sanali wako, mwana wanga. Undikhululukire.

Uyende bwino. Mulungu akutsogolere pamalire ponse mpaka ukafike pakhomo pa amayi ako.

Ndine bambo ako,
Mbewe